IRSA ya NASA: ma quasar mu infrared mwaulere, bola musayembekezere zithunzi zokongola

Anzanga okonda zakuthambo, makamaka aphunzitsi a physics ndi ana a ku koleji amene mukusaka pulojekiti yosafuna ndalama, webusaiti ya IRSA ndi yabwino ndithu koma si ya aliyense ayi. IRSA ndi nkhokwe ya NASA yosungamo zambiri zimene matelesikopu a infrared, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kuli kuseri kwa kofiira, anajambula, imayendetsedwa ndi bungwe la IPAC ku yunivesite ya Caltech, ku Pasadena, California. Simulipira kalikonse, ngakhale akaunti simufunika kutsegula kuti muone zinthu, mumangolowa basi. Muli data ya IRAS ya 1983, ya 2MASS, ya Spitzer, ya WISE, ya Herschel, ndipo pano ayamba kuikamo ya SPHEREx imene inapita kumwamba mu March 2025. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi, kuyang'ana ma quasar, mitima yowala kwambiri ya milalang'amba yakutali imene mphamvu yake imachokera ku mpweya wogwera mu black hole yaikulu, ndiye ndikamba za zimenezo, zinazo ena adzalemba.

Poyambira pabwino ndi chida chimene amachitcha Finder Chart. Pali kabokosi kolembamo dzina la chinthu, mukalemba 3C 273, dzina la quasar ina yotchuka, yokha imapeza pamene chili, simuvutika ndi manambala a malo. Kenako imakuyalirani tizithunzi ta malo omwewo a kumwamba m'mizere, mzere wa DSS ndi SDSS womwe ndi kuwala kooneka ndi maso, mzere wa 2MASS pa 1.25, 1.65 ndi 2.17 micron (muyezo wa utali wa mafunde a kuwala), mzere wa WISE pa 3.4, 4.6, 12 ndi 22 micron, mpaka IRAS pa 12, 25, 60 ndi 100. Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa, chifukwa munthu wazolowera zithunzi za James Webb za pa Facebook zija zamitundu yowala, ndiye apa akupeza kadontho koyera pakati pa mdima, kwina kadontho kofufuma, ku IRAS kuja ndiye chimtambo chabe chosaoneka mutu wake. Eee, quasar yotchukayo ndi imeneyi? Ndi yomweyo amwene. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni kuti kufike kuno, ndiye musadabwe kuti ikuoneka ngati nyenyezi wamba, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a kale anasokonezeka nayo mpaka Maarten Schmidt atazindikira mu 1963 ku Palomar kuti mizere yachilendo ya mu sipekitiramu yake, kutanthauza kuwala kwake kukagawidwa m'mitundumitundu, ndi ya hydrogen yemweyu, kungoti yasunthira kofiira chifukwa chinthucho chili kutali kwambiri, kusuntha kumene amakutcha redshift, apa ndi 0.158.

Koma mukakhala phee n'kuyang'ana mizere ija kuchoka pamwamba kutsika pansi, muona chinthu chimene palibe buku lingakuonetseni bwino chonchi. Nyenyezi zoyandikana nayo zimene zimawala pa DSS zimayamba kuzilala mukafika pa 3.4 ndi 4.6, pofika pa 12 zambiri zasowa, pa 22 palibiretu. Quasar ija ikadali pomwepo, ikuwalabe. Kwa ine phindu lonse la Finder Chart ndi limenelo, funso limabwera lokha osachita kukuuzani munthu: chinthu chimenechi kuwala kwa infrared kochuluka chonchi chikukutenga kuti?

Funso limeneli linavutitsa anthu zaka zoposa 20. Harold Johnson ndi Frank Low anayeza 3C 273 mu infrared cha m'ma 1964 ndi 1965, patangopita nthawi yochepa chizindikirireni kuti ndi chinthu chakutali, n'kupeza kuti ikutulutsa mphamvu yambiri kumeneko. Ambiri poyamba ankati ndi synchrotron, kutanthauza ma electron othamanga pafupifupi liwiro la kuwala amene akuzungulira mu maginito, monga momwe ma radio wave a ma quasar amapangikira. Zinali zomveka chifukwa ma quasar oyambawo anapezeka kudzera pa radio, ndipo mukajambula girafu ya mphamvu ya kuwala kuchoka ku infrared mpaka ku X-ray mzere umaoneka ngati ungalumikizane wowongoka. Ena ankati ayi, ndi fumbi chabe limene latenthedwa. Gerry Neugebauer ndi anzake ku Caltech anatha zaka akuyeza ma quasar ambirimbiri, ndipo IRAS itabwera mu 1983, ya America, Netherlands ndi Britain, nkhani inayamba kupendekera ku fumbi. Pofika 1989 David Sanders ndi gulu lake anaonetsa kuti pafupifupi ma quasar onse owala amene anawayeza ali ndi kachigwa pa girafu cha pa 1 micron, malo amodzimodzi, quasar iliyonse. Synchrotron ilibe chifukwa choti izisankha 1 micron nthawi zonse. Fumbi lili nacho chifukwa: likatentha kufika cha m'ma 1500 K (pafupifupi 1200 °C) limasungunuka n'kukhala mpweya, ndiye palibe fumbi lotentha kuposa pamenepo, ndipo fumbi la 1500 K limawala kwambiri cha pa 2 micron. Kumanzere kwa kachigwako ndi kuwala kwa mpweya wotentha umene ukugwera mu black hole, kumanja ndi fumbi limene lamwa kuwalako n'kukubweza ngati kutentha. Zili ngati mbaula, moto uli m'makala koma chitsulo chozungulira chija nachonso chimakuwotchani ngakhale sichikuyaka.

Tsopano kuti muone zimenezi ndi manambala muyenera kuchoka pa zithunzi n'kupita ku ma catalog, ndipo apa ndi pamene IRSA imasonyeza kuti inapangidwira akatswiri osati ife ongokonda. Mumasankha AllWISE, catalog ya WISE imene ili ndi zinthu zoposa 700 miliyoni, mulemba dzina, muika kukula kwa dera loti isake, ma arcsecond (tizigawo tating'ono ta digiri) 5 kapena 10 akwana, ndiye imakupatsani tebulo lalitali cham'mbali loti kulitsata mpaka chala kutopa. Mayina a mizati yake ndi monga w1mpro, w2mpro, w1sigmpro, ph_qual, cc_flags, palibe amene akukugwirani dzanja. Mafotokozedwe alipo, ndi athunthu bwino, koma ndi Chingerezi cha akatswiri ndipo ndi chachitali. Zimene mukufuna kwenikweni ndi ziwiri zokha poyamba, w1mpro ndi w2mpro, kuwala pa 3.4 ndi pa 4.6. Chotsani yachiwiri pa yoyamba. Nyenyezi wamba yankho limakhala pafupi ndi 0. Quasar yankho limakhala 0.8 kapena kuposa, muyezo umenewu anautchukitsa Daniel Stern ndi anzake mu 2012 ndipo anthu apeza nawo ma quasar ochuluka zedi. 3C 273 imadutsa bwinobwino pa muyezowu. Masamu a sitandade 4 koma mwagwira nawo fumbi lotentha lozungulira black hole, ine zimenezi zimandisangalatsa mpaka pano.

Chenjerani, manambala awiriwa ndi magnitude, muyezo wa kuwala umene umayenda chambuyo, nambala yaing'ono ndiye chinthu chowala kwambiri, ndipo ya WISE ndi 2MASS ndi ya mtundu wa Vega pomwe ya SDSS ndi ya AB, mukazisakaniza osasintha girafu yanu ituluka yokhota ndipo simudziwa chifukwa. Webusaitiyi sikuchenjezani ndi zilembo zofiira, imaganiza kuti mukudziwa kale. Chinanso ndi ph_qual ija, ikalemba U ndiye kuti telesikopu sinachione chinthucho pa bandi imeneyo (3.4, 4.6, 12 kapena 22), nambala yomwe ili pamenepo ndi malire chabe, ndipo pa 22 micron ma U ndi ambiri kwa ma quasar ozilala. Ndaonapo ana asukulu akujambula ma U amenewa ngati miyezo yeniyeni kenako n'kumati apeza chinthu chodabwitsa kkkk. cc_flags nayo imakuuzani ngati kadonthoko ndi kabodza kobwera chifukwa cha nyenyezi yowala kwambiri pafupi, mukaona ziro zinayi ndiye zili bho.

3C 273 ndi yabwino poyambira chifukwa ndi yowala, magnitude pafupifupi 13 mu gulu la nyenyezi la Virgo, moti ndi telesikopu yabwinoko ya pakhomo anthu amaiona. Koma pa nkhani ya fumbiyi ndi chitsanzo chosokoneza pang'ono, chifukwa iyoyo ili ndi jeti yamphamvu, mtsinje wa zinthu zothamanga kwambiri wotuluka pafupi ndi black hole, ndiye synchrotron ilimodi ndipo nthawi zina imabuka n'kuphimba zina zonse. Chosangalatsa n'chakuti m'ma 1980 kuwala kwa jeti kutatsika pa ma millimetre ndi mbali ya infrared yaitali, anthu anaona kuti pa ma micron ochepa aja sipanasinthe, kusonyeza kuti pali china chake pansi chimene si jeti. Ndiye mbali zonse ziwiri za mkangano zinali ndi kachoonadi, kungoti ma quasar ambiri, pafupifupi 9 pa 10 alionse, alibe jeti yamphamvu ndipo kwa amenewo infrared ndi fumbi. Yesani kulemba PG 1211+143 kapena PG 0804+761 muone mmene quasar yopanda phokoso la radio imaonekera, kenako Mrk 231 ya ku Ursa Major imene ndi yodzadza fumbi moti pa IRAS 60 micron imawala mochititsa mantha.

Gawo limene ndimalikonda kuposa onse ndi la nthawi. WISE inapita kumwamba mu December 2009, choziziritsa chake chinatha mu 2010 ndiye mabandi a 12 ndi 22 anasiya, anaigoneka, kenako mu 2013 anaidzutsa ndi dzina la NEOWISE kuti izisaka miyala ya m'mlengalenga, n'kugwira ntchito mpaka 2024. Nthawi yonse imene inali pa ntchito inkadutsa malo alionse a kumwamba miyezi 6 iliyonse. Ndiye quasar iliyonse yowala ili ndi miyezo ya zaka zoposa 10 pa 3.4 ndi 4.6, ndipo IRSA ili ndi chida chojambulira mmene kuwalako kwakwerera ndi kutsikira. Chifukwa chake izi ndi zofunika: ngati infrared ndi fumbi lotenthedwa, pakati paja pakawala kwambiri lero fumbi siliyankha lero, liyankha kuwalako kukalifika. Umboni wotchuka wa zimenezi unachokera kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, abale a ku Joni ndi Cape Town mumve apa. Ian Glass wa ku South African Astronomical Observatory anayeza Fairall 9 mu infrared kwa zaka zambiri ku Sutherland, mlalang'amba umene unatchulidwa dzina la Anthony Fairall wa ku yunivesite ya Cape Town, ndipo mu 1989 iye ndi Clavel ndi Wamsteker atafananiza ndi miyezo ya ultraviolet ya setilaiti ya IUE anapeza kuti infrared imatsalira m'mbuyo masiku pafupifupi 400. Ndiye kuti fumbi lotenthalo lili pa mtunda woti kuwala kumayenda chaka ndi kanthu, mtunda womwewo umene masamu amanena kuti fumbi lingapirire osasungunuka. Fairall 9 kwenikweni amaiika m'gulu la ma Seyfert, achibale a ma quasar ochepako mphamvu, koma makina ake ndi amodzi. Mwana wa chaka chomaliza ku UNIMA kapena ku Mzuni atha kuchita kafukufuku wofanana ndi ameneyu ndi laputopu yokha, data ili apo ikungodikira.

Koma ndinene zoona, miyezo ya NEOWISE imabwera yosaphika. Ulendo uliwonse wa miyezi 6 uli ndi miyezo khumi ndi kanthu yomwazikana, ina ndi yoipa chifukwa mwezi unali pafupi kapena chithunzi chinagwedera, muyenera kusefa nokha n'kutenga avereji. Chida cha pa webusaiti chimakuonetsani timadontho tonse koma kuganiza n'kwanu. Amene amadziwa Python zimawayendera msanga chifukwa astroquery imakoka tebulo molunjika kuchoka ku IRSA osatsegula n'komwe webusaiti, ndipo imeneyi ndi njira yosadya bandulo.

Nkhani ya bandulo ndiikambe chifukwa ndi imene ambiri mufunse. Matebulo ndi opepuka, quasar imodzi ndi tinthu tating'ono zedi, mutha kusunga ngati CSV n'kutsegula mu Excel. Zithunzi za FITS ndiye zimadya, makamaka mukadina kudawuniloda mabandi onse kapena mwasankha dera lalikulu, ndiye chepetsani kukula kwa chithunzi ndipo chotsani ma survey amene simukuwafuna musanadine Search. Pafoni imatseguka koma sikirini imachepa, timabatani ndi tambiri ndipo tinapangidwira mbewa ya kompyuta, ine ndingati musadzivutitse. Ngati muli ndi foni yokha ndipo mukungofuna kuona, Aladin Lite ya ku Strasbourg kapena ESASky ya European Space Agency ndi zofewa kwambiri, mumangokoka kumwamba ndi chala n'kusintha kuchoka ku kuwala kooneka kupita ku 2MASS kapena WISE, ana a fomu 2 amazitolera mu mphindi zochepa. Kungoti mukafuna manambala onse ndi mafulagi ake mubwerera ku IRSA komweko. Netiweki ikamadukaduka, monga imachitira madzulo kuno, tsambalo limatha kuyambiranso, ndiye tebulo likangotuluka lisungeni kaye musanayambe kuliyang'ana.

Kwa amene mwafika patali pang'ono, lowani mbali ya Spitzer, telesikopu imene inagwira ntchito kuyambira 2003 mpaka 2020. Muli ma sipekitiramu a chida chake cha IRS, ndipo mu 2005 ndi chida chimenechi anthu anaona koyamba ma quasar akutulutsa kuwala kwa silicate cha pa 10 ndi 18 micron, 3C 273 ndi PG 1211+143 zili m'gulu lomwelo. Silicate ndi zinthu za mtundu wa mchenga ndi miyala, ndiye apa sitikuchitanso kuganizira kuti mwina ndi fumbi, tikuona mtundu wa fumbilo. Kupeza sipekitiramu yoyenera m'nkhokwe ya Spitzer kumafuna kuleza mtima, pali mayina a mapulogalamu ndi ma level a data, sankhani zimene anakonza kale osati zosaphika. Chimene sichinathe mpaka lero ndi mbali ya kutali ija, 60, 100 mpaka 500 micron ya Herschel, fumbi lozizira. Kodi likutenthedwa ndi quasar kapena ndi nyenyezi zatsopano zimene zikubadwa mu mlalang'amba wonsewo? Ambiri amati nyenyezi, ena amati pa ma quasar amphamvu kwambiri quasar yomweyo ikhoza kukwanitsa, ndipo Finder Chart singakuthetsereni mkangano umenewu chifukwa pa mabandi amenewo kadontho kamodzi kameza mlalang'amba wonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. WISE yomwe imasiyanitsa zinthu zotalikirana ma arcsecond 6 pa 3.4 ndi 12 pa 22 micron, IRAS ndiye ma arcminute. Chimbale cha fumbi chimene amachitcha torus simuchiona ndi maso pa chithunzi chilichonse cha mu IRSA, iwalani. Kuti aone kuzungulira kwa mpweya pafupi ndi black hole ya 3C 273 mu 2018 anachita kulumikiza matelesikopu anayi a mamita 8 ku Paranal, Chile, ndi chida cha GRAVITY pa 2 micron, n'kupeza kuti kulemera kwake ndi madzuwa pafupifupi 300 miliyoni.

Pali masewera ena abwino ochita ndi ana m'kalasi. Lembani ULAS J1120+0641, quasar imene Daniel Mortlock ndi anzake analengeza mu 2011, anaipeza ndi telesikopu ya UKIRT ku Hawaii, redshift 7.085, kuwala kwake kunanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 770 miliyoni zokha. Pa DSS simuona kanthu, pa 2MASS simuona kanthu chifukwa matelesikopu ake a mamita 1.3 a ku Arizona ndi Chile anali osafika pamenepo. Ana amayamba kunena kuti aphunzitsi mwalakwitsa sipelo. Ayi, kusaoneka kumeneko ndiye phunziro lake, kuwala konse kooneka ndi maso kunamwedwa ndi hydrogen panjira ndipo kotsalako kunakokedwa mpaka kupitirira 1 micron, ndiye ma quasar akutali chonchi amapezeka mu infrared basi. Ndipo apa infrared imene tikulandira si fumbi ayi, ndi ultraviolet komanso kuwala kooneka kwa mpweya wotentha uja kumene kwatambasulidwa panjira, fumbi lake lasunthira kutali ku ma micron 15 ndi kupitirira. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, bandi imodzi yomweyo ya WISE ikutanthauza zinthu zosiyana malinga ndi redshift, ndipo tebulo la AllWISE silikuuzani redshift, muyenera kukaitenga ku NED, nkhokwe ya za milalang'amba imenenso ili ku IPAC komweko ndipo imajambula girafu ya mphamvu yonse kuchoka ku radio mpaka X-ray.

Mukafuna za James Webb musazisake kuno, nkhokwe yake yaikulu ndi MAST ya ku Baltimore, ndi webusaiti ina ndi mavuto akenso. Ambiri amalowa IRSA akuganiza kuti chilichonse cha infrared chili momwemo.

Ndikanati ndipereke malikisi, pa data ndi pa kukhala yaulere ndi 10 pa 10 osakambirana, pa kufewa kwa munthu woyamba mwina 5, pafoni 3. Aphunzitsi, konzekerani kunyumba kaye, sungani zithunzi za Finder Chart za 3C 273 ndi tebulo lake pa fulashi, muwonjezere nyenyezi imodzi wamba yofananizira, ndiye m'kalasi musadalire intaneti kapena magetsi. Apatseni ana w1mpro ndi w2mpro za zinthu 10 zosakaniza osawauza kuti chiti ndi chiti, achotsere okha n'kukuuzani ma quasar ndi ati. Samalani pang'ono posankha, nyenyezi zozizira kwambiri za mtundu wa brown dwarf ndi nyenyezi zazing'ono zimene zikadali m'fumbi nazonso zimadutsa 0.8, ndiye sankhani zinthu za kutali ndi mkanda wa Milky Way umene umaoneka kumwamba ndipo muzitsimikize kaye pa NED kapena SIMBAD, nkhokwe ina ya zinthu za kumwamba, musanalembe mayankho.